Kuwoloka katatu ndi galimoto: zolemba za ulendo wa ku Dublin

Lamulungu usiku, tisananyamuke

Zikwama zili kale m'buti, bokosi la padenga la galimoto tamangirira, ndipo Tadala wagona ndi sokosi kumapazi kuopa kuti tingamusiye. Ine tulo tandithawa. Tikuchoka ku England kupita kwa achemwali anga ku Dublin, ku Ireland, koma m'malo molunjika ku doko la Holyhead, ku Wales, monga amachitira anthu anzeru, bambo a Tadala akuti tizungulire ku France. Ndiye kuti galimoto yathu ikwera sitima yapamadzi katatu: kuchoka ku Dover, ku England, kupita ku Calais, ku France, kuchoka ku Cherbourg, ku France komweko, kupita ku Rosslare, ku Ireland, kenako pobwerera kuchoka ku Dublin kupita ku Holyhead. Ndavomera, koma ndanena kuti matikiti ndigula ndine, ndipo chilichonse chotuluka m'thumba ndilemba m'kabuku.

Sabata yathunthu ndakhala ndili pa kompyuta. Pakati pa Dover ndi Calais pamayenda makampani atatu: P&O Ferries, DFDS, ndi Irish Ferries imene inalowa m'njirayi mu 2021. Palinso wachinayi amene sayandama n'komwe. Ameneyu ndi LeShuttle, sitima yapanjanji imene imameza magalimoto ku Folkestone, pafupi ndi Dover, n'kukawalavula ku France pakatha mphindi 35, kudzera m'ngalande ya pansi pa nyanja imene inatsegulidwa mu 1994.

Ndinayamba ndi funso lakuti kampani yotchipa ndi iti, koma pofika Lachitatu ndinali nditazindikira kuti ndikufunsa molakwika. Imene inali pansi m'mawa, madzulo inali itakwera, inzake itatsika. Chimene chili ndi mtengo ndi nthawi. Lachisanu madzulo onse amadula, m'bandakucha pakati pa sabata onse amakunyengerera. Ndiye pamabwera tinthu ting'onoting'ono: tikiti yosasinthika, tikiti yoti ungasinthe ukachedwa, kulowa ndi kutuluka poyamba, chipinda chapadera chokhalamo. Chilichonse ndi ndalama yakeyake. Ngalande ija, pa tsiku lathu, ndiyo inali pamwamba pa onse.

Ndagula ya 4 koloko m'mawa.

“Mayi a Tadala,” anatero mwamuna wanga atayang'ana pa foni, “4 koloko? Kodi tikuthawa ngongole?”

Ndawauza kuti akandithokoza ku Calais.

Lolemba, Calais

Sanandithokoze.

Sitima ya 4 koloko imafuna kuti ukhale utafika kale padoko ola lathunthu kapena kuposa nthawiyo isanakwane, ndipo ife kuti tifike ku Dover tinadzuka pakati pa usiku. Apolisi a ku France amayang'ana pasipoti kutsidya lino la England, usanakwere n'komwe, choncho mzere umayambira kutali. Titafika pakawindo ka kampani, imene dzina lake sinditchula, mayi wina anasuzumira, nayang'ana padenga la galimoto, nayang'ananso pa kompyuta yake. Ine polemba kutalika kwa galimoto ndinaiwala bokosi lija. Anatiwonjezera ndalama, ndipo theka la zimene ndinkanyadira kuti ndapulumutsa linathera pomwepo. Safunsa anadya phula. Bambo a Tadala sanalankhule kanthu, koma kukhala chete kwawo kunamveka mpaka kumpando wakumbuyo.

Kulowa m'sitima ndiko kunandichotsa tulo. Umakwera chitsulo chachikulu cholira gwedegwede pansi pa matayala, n'kulowa m'mimba mwa sitima monunkha dizilo ndi mchere. Anthu ovala majekete owala amakulozera ndi manja okha, osayankhula: bwera, bwera, bwerabe, ima! Umaima pafupi kwambiri ndi galimoto yakutsogolo moti pakati pake munthu amadutsa chammbali. Kenako handibuleki, giya, kupinda magalasi am'mbali, kuzimitsa alamu chifukwa sitima ikayamba kugwedezeka imalira yokha. Utenge zonse zofunika, poti ukangokwera masitepe subwereranso kugalimoto mpaka kutsidya. Tadala ndinamupatsa ntchito yoloweza nambala ya malo athu ndi mtundu wa masitepe.

Ndinachedwa pang'ono pamasitepe kuti ndione chitseko chachikulu chikutsekedwa. Pa 6 Malichi 1987 sitima yotchedwa Herald of Free Enterprise inanyamuka ku Zeebrugge, ku Belgium, zitseko zakutsogolo zili pululu. Madzi analowa m'malo a magalimoto, ndipo poti malowa amakhala chibwalo chimodzi chachitali chopanda makoma, anathamangira mbali imodzi n'kuipendeketsa. Anthu 193 anamwalira doko likuonekabe. Ndinadikira mpaka chitseko chathu chitati gwa.

Pamwamba panali zii. Anthu anali lambalamba pamipando, ena pansi, majekete kumutu. Madalaivala a mathiraki ali ndi malo awoawo odyera, ndipo nditasuzumira ndinaona kuti iwo ndiwo akudya bwino kuposa tonse. N'zosadabwitsa. Ife a tchuthi timabwera nyengo yotentha n'kusowa, koma thiraki imawoloka chaka chonse, usana ndi usiku. Sitima ya m'bandakucha inyamukabe chifukwa cha katundu, ndipo ife amangotigulitsa malo otsala.

Malo okhawo amene munali moyo anali m'sitolo. Kugula mowa, fodya ndi mafuta onunkhira popanda msonkho kunathetsedwa mu 1999 pa maulendo a pakati pa mayiko a European Union, ndipo kunabwereranso m'njira ino mu 2021 Britain atatuluka m'bungwelo. Ndinaona bambo wina akukankha makatoni a vinyo nthawi ya 5 koloko m'mawa, nkhope ili mwee ngati wapambana mpikisano. Ndinaganiza kuti tikiti yake mwina inali nyambo chabe.

Mphindi 90 zinatha ndisanamalize kapu yachiwiri ya tiyi. Pamene pali pafupi kwambiri, England ndi France atalikirana makilomita pafupifupi 33 okha. Tinasuntha wotchi ndi ola limodzi, tinatuluka, ndipo ine ndinayamba kuimba nyimbo ya lero: “Kumanja, bambo, kumanja!”

Lolemba lomwelo, usiku

Ndalemba kawiri lero chifukwa nkhani ina ikundivuta mumtima.

Choyamba, kabuku kanga. Titayenda ola limodzi kuchoka ku Calais, bambo a Tadala anayamba kusinza pachiwongolero. Tinaima pamalo opumira, anagona maola atatu, ine ndi Tadala tikugula khofi ndi timikate todula kuti nthawi ipite. Madzulo tinali titafooka moti tinalowa mu hotela yoyamba imene tinaiona, osafunsa mtengo. Ndikaphatikiza bokosi lija, tikiti yanga yotchipa yatidyera kuposa ya 10 koloko imene ndinaikana.

Chachiwiri ndi mtsikana amene ankapukuta matebulo m'sitima. Maso ake anali psuu. Sindinamufunse kanthu, mwina anangogona mochedwa monga ine. Koma anandikumbutsa za pa 17 Malichi 2022, pamene P&O Ferries inachotsa ntchito anthu ake a m'sitima pafupifupi 800 tsiku limodzi, ambiri atauzidwa kudzera pa vidiyo yojambuliratu, n'kuika m'malo mwawo antchito aganyu olandira zochepa. Kampaniyo inanena kuti ikuluza ndalama zambiri ndipo sikanapitiriza. Nkhaniyi inautsa mkwiyo mbali zonse ziwiri za nyanja, ndipo mu 2023 Britain ndi France aliyense anakhazikitsa lamulo lokhudza malipiro ochepetsetsa a anthu ogwira ntchito m'sitima zoyenda kawirikawiri m'madoko awo.

Njira imeneyi yadya makampani ambiri. Hoverspeed inatseka mu 2005. SeaFrance inagwa mu 2012. Sitima zake zinagulidwa ndi eni ngalande ija, zinayenda kwa kanthawi ndi dzina lakuti MyFerryLink, koma akuluakulu oona za mpikisano pa malonda ku Britain anati mwini ngalande asakhalenso ndi dzanja pamwamba pa madzi, ndipo mu 2015 nayonso inatha. Pamene pali ogulitsa anayi pa kamtunda kamodzi, aliyense amafufuza pochepetsa. Mafuta sangawachepetse mwakufuna kwake, ndalama zolipira padoko ndi zomwezo. Chotsala chofewa ndi munthu. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu, ndipo ine, kunena zoona, sabata yathayi ndinali m'gulu la owombera njovuzo m'manja.

Lachiwiri, Cherbourg

Msewu wokhawokha, makilomita oposa 400 kuchokera ku Calais, ambiri mwa iwo tayenda lero. Zipata zolipira zatidyera ndalama zimene sindinaziwerengere. Tadala anakuwa titakwera mlatho wa Pont de Normandie, umene umadumpha mtsinje wa Seine pafupi ndi Le Havre, ndipo ine ndinatseka maso. Madzulo tinayenda m'mphepete mwa doko la Cherbourg, kumene Titanic inaima pa 10 Epulo 1912 kudzatenga anthu. Bambo a Tadala anafuna kufotokozera mwana nkhani yonse. Ndinawatsina. Mawa tigona panyanja.

Lachinayi, Rosslare (za Lachitatu ndikulemba lero)

Dzulo sindinatumize kanthu. Sitima ikatalikira gombe, foni imalumikizana ndi netiweki ya m'sitima yodzera pa setilaiti, ndipo imeneyo imameta munthu popanda madzi. Ndinaizimitsa.

Kuchoka ku Cherbourg kupita ku Ireland kuli Irish Ferries yopita ku Dublin ndi Brittany Ferries yopita ku Rosslare. Tinakwera yachiwiriyi chifukwa tsiku lake ndilo linagwirizana ndi lathu. Kuno kulibe zosankha ola ngati ku Dover, kumene ukaphonya sitima ina imakhala ikubwera kale. Umasankha tsiku, ndipo ukaliphonya wagona pamtunda. Mtengo wake unandiumitsa pakamwa, unali wa ku Dover kuchulukitsa kangapo. Koma nditakhala pansi ndi pensulo ndinaona kuti njira inayo, yobwerera ku Calais, kuwoloka, kudula England ndi Wales yense, n'kuwolokanso, ikufuna matikiti awiri, mafuta, ndi hotela pakati. Pano ulendo wa maola oposa 17 ukuchitika iwe uli chigonere.

Madalaivala a mathiraki anachita masamu omwewa kalekale. Kale ambiri ochokera ku Ireland ankadutsa mu Britain ngati mlatho popita ku France. Kuyambira mu Januwale 2021, mapepala a kasitomu atachuluka, ambiri anatembenukira ku sitima zolunjika, ndipo doko laling'ono la Rosslare linatanganidwa mwadzidzidzi. Dzulo mathiraki ndi amene anadzaza pansi.

Mbiri ya kampaniyi inandikoka mtima. Anaiyambitsa ndi alimi a ku Brittany, motsogozedwa ndi Alexis Gourvennec, amene ankafuna njira yotumizira kolifulawa ndi ndiwo zina zamasamba ku England. Makampani amene analipo sanaone phindu pa doko lawo la Roscoff, ndiye alimiwo anati tipeza sitima yathu. Inanyamuka ulendo woyamba kupita ku Plymouth pa 2 Januwale 1973, Britain atangolowa kumene mu msika wa mayiko a ku Ulaya. Mpaka pano mabungwe a alimi ndiwo ali ndi gawo lalikulu m'kampaniyo. Bambo a Tadala atamva anati, “Ndiye ife talowa m'malo mwa kabichi.”

Pa chipinda chogona tinakangana. Pali mipando yotsamira imene ndi yotchipa, pali chipinda cham'kati chopanda windo, pali chawindo. Ine wa kabuku ndinkafuna mipando. Iwo anangoti, “Lolemba mwaiwala kale?” Tinatenga cham'kati. Ndi kachipinda kakang'ono: mabedi awiri pansi, awiri opinda kukhoma, kabafa koti ukatembenuka chigongono chimagunda chitseko. Koma nsalu zake zinali zoyera mbee, madzi otentha, ndipo ukazimitsa getsi mumakhala bii, osadziwa ngati kunja kwacha. Kwa munthu wofuna tulo, windo ndi ndalama yotaya.

Madzulo kunali bata. Tinadya tili patebulo lenileni, tinatuluka panja kukaona dzuwa likulowa, mphepo ikukwapula nkhope. Nyanja inasintha pakati pa usiku, titazungulira nsonga ya Cornwall n'kulowa kumene mafunde a Atlantic amafika opanda chowatchinga. Bedi linayamba kundikweza pang'onopang'ono, kuima kaye m'mwamba ngati likuganiza, kenako n'kundisiya. Zopachikira zovala zinkagundana m'kabati. Kapu inatsetsereka patebulo mpaka kukagwera mu nsapato. Tadala anali mkonono, bambo ake chimodzimodzi. Ine mseru unandigwira pakhosi.

Ndinatuluka ndikugwira makoma. M'khonde ndinakumana ndi dalaivala wina wachikulire, kapu ya tiyi m'manja, akuyenda ngati ali pabwalo la kunyumba kwake. Anandiyang'ana kamodzi n'kundiuza kuti ndibwerere ndikagone chagada, ndisawerenge kanthu, ndipo ulendo wina ndidzapemphe chipinda chapakati pa sitima, chakumunsi, chifukwa kutsogolo ndi kumwamba ndiko kumavina kwambiri. Kukacha, anatero, nditulukire panja ndizikayang'ana kutali kumene madzi akumana ndi thambo. Podutsa ndinaona anthu a mipando ija, ena atagona pansi pakati pa mizere, matumba apepala ali pafupi. Ndinabwerera pabedi langa ndipo kwa nthawi yoyamba pa ulendo uno ndinathokoza mumtima kuti mwamuna wanga sanandimvere.

Lachisanu, Dublin

Kwa achemwali kulibe nthawi yolemba. Tadya, taseka, ana asokosa. Pansi pakugwedezekabe ndikaimirira.

Loweruka, Dublin

Tikiti yobwerera ndinaisiya dala kuti ndidzagulire kuno, ndipo alamu anga anandiseka. Akuti pa njira ya Dublin ndi Holyhead palibe chodikira. Makampani ndi awiri, Stena Line ndi Irish Ferries, ndipo nditatsegula masamba awo mitengo inali ngati mapasa, kusiyana pang'ono chabe. Pansi pa nyanja palibe ngalande yoti iwaopseze. Ndege zilipo zambiri, koma ndege sinyamula galimoto. Ulendo wake ndi wa maola atatu ndi mphindi 15 kapena kupitirira pang'ono, kuwirikiza kawiri wa ku Dover, koma mtengo umene ndinaona lero unaposa kuwirikiza kawiri. Mwina ndi chifukwa chogula mochedwa, sindikana. Komabe kuvina kwa mitengo kumene ndinakuona ku Dover kuno sindinakuone.

Chinandiseketsa n'chakuti doko la Holyhead ndi la Stena Line. Ndiye kuti mnzake wopikisana naye amakocheza pakhomo pake tsiku lililonse.

Alamu anandifotokozera za mu Disembala 2024, m'masiku a namondwe Darragh, pamene malo okochezapo sitima ku Holyhead anawonongeka ndipo doko linatsekedwa mpaka pakati pa Januwale. Inali nthawi ya Khirisimasi, anthu ali ndi mphatso m'magalimoto. Sitima zinapatutsidwira kumadoko ena monga Fishguard, ndipo anthu ena anayendetsa mpaka ku Cairnryan, ku Scotland, kuti awolokere ku Belfast kapena ku Larne. “Mlamu,” anatero, “nthawi imeneyo palibe amene ankafunsa kuti yotchipa ndi iti. Funso linali lakuti malo alipo?”

Ndinafunsa za sitima yothamanga, Dublin Swift, imene imadula ulendowu ndi pafupifupi ola lathunthu. Achemwali anagwedeza mutu. Sitima zamtunduwu n'zopepuka, zimayenda nyengo yabwino yokha ya chaka, ndipo mafunde akakula ndizo zimayamba kuimitsidwa. Zimamwanso mafuta kwambiri. Stena inali ndi yake yaikulu yopita ku Dún Laoghaire koma inasiya kuyenda mu 2014. Achemwali amakonda zikuluzikulu ngati Ulysses, imene yakhala m'njirayi kuyambira 2001 ndipo ili ndi mbiri yosaopa nyengo. Nditakumbukira za usiku wa Lachitatu, sindinafunenso kumva za liwiro. Ndagula ya sitima yaikulu, ya masana, ndipo kutalika kwa galimoto ndakayeza ndekha ndi tepi, bokosi lili pomwepo.

Lamulungu, Holyhead

Lero sitima inadzaza thothotho. Ana a timu ina ya mpira, mabanja obwerera kutchuthi, agalu akuuwa m'magalimoto. Titazungulira kawiri osapeza mipando itatu yoyandikana, bambo a Tadala anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kabuku, kenako ndinakalipira chipinda chapadera chija chimene sabata yatha ndinkachitcha chinyengo.

Chiweruzo changa ndi ichi. Pa mphindi 90 za ku Dover sindingalipire, poti ukangokhala pansi, kumwa tiyi, kupita kuchimbudzi, wafika. Pa maola atatu m'sitima yodzaza ndingalipirenso mawa. Munali phee, mipando yofewa yoyang'ana kunyanja, poika foni pamoto, tiyi ndi tizakudya tongotola. Tadala anadya timabisiketi tokwana kubweza gawo lake la ndalamazo. Chimene sindinagule ndi kutuluka poyamba, ndipo nditaona magalimoto amene analipira akutiposa ndi mphindi zochepa chabe, n'kukawapezanso ataima pa mzere womwewo kunja kwa doko, sindinadandaule.

Mapiri a ku Wales anayamba kuoneka ngati mtambo, kenako nyumba younikira sitima ya South Stack, kenako khoma lalitali lotchinga mafunde la Holyhead. Atalengeza kuti titsikire kumagalimoto, ine ndi bambo ake tinalunjika masitepe olakwika tonse awiri, aliyense akutsimikiza. Tadala anaima manja m'chiuno. “Amayi, ofiira anali a sitima ya Lachitatu. Athu lero ndi obiriwira.” Anali kunena zoona.

Tili m'galimoto kudikira kuti chitseko chitseguke, bambo a Tadala anapempha kabuku. Anawerenga tsamba la Lolemba kawiri, mpaka pa khofi ndi timikate, ndipo anakabweza osanena kanthu. Tadala ali kumbuyo anafunsa ngati ulendo wina tingadzadutse pansi pa nyanja. Ndamuuza kuti mmenemo mulibe masitepe oti aloweze, munthu umangokhala m'galimoto yako mphindi 35 kuyang'ana khoma. Akuti akufuna akaone yekha. Wa jekete lowala uja watikodola, ndipo ine ndayambanso: “Kumanzere, bambo, kuno ndi kumanzere.”